Tsiku Limene Tomke Anatsakamira M'paipi

Bavaria,
Lachitatu, 20 Ogasiti.

Okondedwa Achemwali a Gesine,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Folkert. Nanga Amayi, bondo lija likuwalola kufika kumunda? Kuno tadzuka. Ndiyambe ndi chimene mtima wanu ukufuna kumva: mwana wanu Tomke ali bwino. Akudya, akuyenda, ndipo pamene ndikulemba pano ali pakhonde akukangana ndi mphaka wa eni nyumba.

Loweruka nditakuimbirani foni ndinakuuzani kuti mwana wagunda mutu pang'ono kumadziwe osambirako kumene ndimagwira ntchito. Sindinaname, koma sindinanene zonse. Munaseka n'kunena kuti ameneyo watengera malume ake kusamva, ndipo ine ndinangosiyira pomwepo. Ndiye ndati ndilembe, chifukwa papepala sindingathawe nkhani ili pakati.

Mukudziwa kuti chaka chino anandichotsa kudziwe la ana n'kundiika pamwamba pa nsanja, pa paipi yatsopano yotsetserekamo imene timaitcha Mkombero. Munthu amalowa m'kabokosi kagalasi n'kuima chilili, manja pachifuwa. Ine ndikadina batani, pansi pamene wapondapo pamatseguka, iye n'kugwa m'paipimo ngati mwala. Liwiro lakugwalo ndi limene limamukwezanso m'mwamba, kuzungulira mkombero wonse, mpaka kukatulukira m'dziwe. Koma munthu wopepuka liwirolo limamuthera panjira. Amabwerera chambuyo n'kukatsakamira pamalo otsika a paipi, pamene pali kachitseko kotulukira. N'chifukwa chake pansanja pali sikelo. Wosakwana makilogalamu 45 saloledwa.

Chifikire kuno kutchuthi, Tomke sanandipumitse. M'mawa uliwonse funso linali lomwelo, kuti Mkombero akwera liti. Tsiku loyamba sikelo inaonetsa 41. Anayamba kudya ngati munthu wogwira ntchito padoko, masoseji awiriawiri, mbatata mbale yodzaza, mpaka mayi eni nyumba anandifunsa ngati kwathu kumpoto ana timawamana chakudya.

Loweruka kunatentha kwambiri, ndipo mzere unafika pansi pa masitepe. Cha m'ma 2 koloko ndinangoona Tomke ali patsogolo panga, mimba ili tuu ndi madzi amene anamwa dala. Sikelo inaonetsa 43.

"Amalume, awiri okha! Tsitsi likanyowa akwana amenewo," anatero.

Anthu pamzere anaseka. Mayi wina anati ndimuleke mwana, wakwera masitepe onsewo pachabe? Achemwali, palibe amene anandikakamiza. Ndinayang'ana nkhope yake, ndinaganiza kuti makilogalamu awiri si kanthu, ndipo ndinamulowetsa. Tinapangana kuti akatuluka athamangire pakapinga andikwezere dzanja, chifukwa dziwe lotulukiralo silioneka uli pansanja, denga la malo odyera limatchinga. Kabokosiko ndinatseka ndi dzanja langa. Batanilo ndinadina ndi chala changa.

Apa ndifotokoze za getsi. Munthu akagwa m'paipi, patebulo panga pamayaka getsi lofiira, batani n'kuleka kugwira ntchito. Akatuluka pansi limasanduka lobiriwira. Koma kwa masabata awiri kachipangizo kamene kamazindikira kuti munthu watuluka kakhala kakuvuta. Munthu watuluka kalekale, wayamba kale kudzipukuta, getsi lili lofiirabe. Tinadandaula. Bwana wathu, a Lechner, anati amisiri abwera tchuthi chikatha, ndipo anatipatsa kiyi woti tizingotembenuza, getsi lizibiriwira. Pansi pamayenera kukhala mnzanga Vroni ndi kawailesi, kuti aziti watuluka kapena ayi, koma tsikulo anamutumiza kudziwe la ana chifukwa antchito anachepa.

Ulendo wonse wa Mkombero ndi masekondi asanu ndi awiri. Ndinawerenga mpaka khumi. Mpaka makumi awiri. Getsi lofiira. Pakapinga anthu mbwee, koma Tomke ayi.

A Lechner anali atakwera kudzaona chimene chikuchedwetsa mzere, thukuta lili kamukamu.

"Enno, wagona kodi? Anthu akupsa pamasitepe. Tembenuza kiyi!"

Ndinati adikire kaye, mwana sanaonekere. Anati ndi kachipangizo kaja, ndikukadziwa ine, mwana wathamangira kogula ayisikirimu. Anatambasula dzanja n'kutembenuza kiyi okha. Getsi linabiriwira. M'kabokosi munali mutalowa kale bambo wina wandevu, chimunthu chopitirira makilogalamu zana, ndipo ankagogoda galasi uku akuseka.

"Tiyeni achimwene, mowa wanga ukufunda pansipo!"

Ndinaona chala cha a Lechner chikupita pa batani. Sindikumbukira kuti ndinaganiza chiyani. Ndinangozindikira ndawagwira pamkono, ndawapotokola, ndipo ndikuwauza bwana wanga pamaso pa anthu kuti akadina ndiwathyola dzanja. Ndinatsegula kabokosi n'kumukokera bamboyo kunja, ndinazimitsa madzi, n'kuyamba kutsika. Masitepe ake ndi oposa zana, odzaza anthu. Ena ndinawakankha, mayi wina anandituka, sindinacheuke.

Kachitsekoko kali kuseri kwa mpanda, pakati pa mizati, kumene alendo safika. Ndisanafike n'komwe ndinamva kugogoda. Kugogoda kwake kofooka, kwa munthu amene watopa. Nditatsegula ndinamupeza atadzipinda m'paipimo, magazi akutuluka m'mphuno ndi pamwamba pa diso, milomo ili njenjenje. Anali atakwera n'kubwerera, kukweranso n'kubwereranso, ndipo pobwerera kachiwiri anamenyetsa mutu. Chogwirira cha mkati anachipeza, koma chinali cholimba, manja ake sanachithe. Nthawi yonseyo madzi ankamuwomba kumsana.

Sanalire. Ndinamunyamula, iye n'kundigwira m'khosi ngati mmene ankachitira ali wakhanda, ndipo anandinong'oneza:

"Amalume, ndimamva wina akulowa m'kabokosi kumwambako. M'paipi zonse zimamveka. Ndimakuwa kuti musadine. Munandimva eti?"

Achemwali, sindinamumve. Pansanja pamalira nyimbo tsiku lonse. Sindinamve chilichonse.

Kuchipatala anamusoka katatu pamwamba pa nsidze. Anamuunika mutu ndi khosi, anati palibe chathyoka, ndipo anatilola kubwerera kunyumba dzuwa lisanalowe. A dokotala atamva mmene zinakhalira anavula magalasi. Kenako anati munthu wotsatira akamafika pamalo otsikawo amakhala akuthamanga ngati galimoto, mapazi patsogolo, ndipo mwanayu mutu wake unali pomwepo.

Pali china chimene chikundidya kuposa zonsezi. M'masabata awiriwo, kiyi uja ineyo ndinamutembenuza kambirimbiri, mwina maulendo makumi atatu. Sindinkayang'ana pakapinga. Sindinkawerenga masekondi. Getsi likafiira ndinkangoti ndi kachipangizo kaja, n'kutembenuza, n'kudina, uku ndikucheza ndi anthu pamzere. Onsewo anali ana a anthu, ena aang'onoang'ono ngati wathuyu. Loweruka ndinaima chifukwa chimodzi chokha: amene anali m'paipi ndinkamudziwa, ndipo ndinkadikira dzanja lake. Akanakhala mwana wa munthu wina ndikanadina.

Bambo wandevu uja anafunsira nyumba yathu kwa Vroni n'kubwera Lamulungu masana. Ndi woyendetsa basi, ali ndi ana aakazi awiri. Anabweretsa chokoleti chachikulu, koma atangoona bandeji pankhope ya Tomke, chimunthu chonsecho chinakhala pansi pakhomo n'kuyamba kulira. Tomke ndi amene anamutonthoza. Anamuuza kuti asalire, iye sanalakwe, komanso mowa wake uja anakaupeza uli bwanji? Bamboyo anaseka misozi ili m'masaya. Anasiya nambala yake, nati kulikonse kumene angamufune kukanena zimene anaona, apita.

Lolemba a Lechner anandiitana ku ofesi. Anandipatsa khofi, zimene sanachitepo chiyambire. Patebulo panali pepala lolembedwa kale, lonena kuti mwana anachenjeretsa sikelo wantchito asakuona, ndi kuti zipangizo zonse zinagwira bwino ntchito. Za kiyi panalibe. Anati ndikasaina, nkhani ya mkono wawo aiiwala, inenso ntchito yanga ikhala. Anati tonse tili ndi mabanja, nanga Mkombero akautseka m'nyengo ino anthu angati akhale pakhomo? Sanali kundiopseza, Achemwali. Koma pepalalo linkanamizira mwana wanu, ndipo Mkombero unali utatsegulidwa kale m'mawa womwewo, kiyi ali pomwepo. Ndinamva ndili mu ofesimo anthu akukuwa mosangalala pogwa.

Sindinasaine. Nditatuluka ndinaimbira a boma oyendera chitetezo cha malo ngati athuwa. Anabwera dzulo awiri, bambo ndi mayi. Anatseka Mkombero, anatenga kiyi, anakopera buku limene tinkalembamo madandaulo. Ndinawauza zonse, ndi zanga zomwe: za makilogalamu awiri, ndi za maulendo makumi atatu aja.

Pakali pano andiimitsa ntchito, ndipo sindikudziwa ngati adzandiitanenso. Anzanga agawikana. Vroni ali mbali yanga, ngakhale akudziimba mlandu chifukwa chochoka pamalo pake, pamene anachita kutumidwa. Ena ndikakumana nawo pamsika amayang'ana kumbali. Wina anandiuza kuti ife a kumpoto timakonda kudziyesa olungama. Koma wolungama sakanalowetsa mwana m'kabokosi muja.

Tomke masana amakhala bwinobwino. Koma sakufuna kutseka chitseko cha bafa, ndipo dzulo titakwera chikepe cha m'sitolo anandigwira malaya mpaka tinatuluka. Anandipempha kuti ndisakuuzeni, akuti mudzamuletsa kusambira moyo wake wonse. Ndamuuza kuti ndikulemba, ndipo ndamuuzanso kuti wolakwa si iye. Anakwiya nane pang'ono, kenako anati ndikuuzeni kuti bandejiyo ikumukhala.

Pempho langa ndi limodzi. Oyendera aja akufuna kumva kuchokera pakamwa pa Tomke, makamaka za chogwirira chimene chinakana kutseguka, koma sangamufunse popanda kholo lake. Akonza Lachinayi sabata yamawa, pa 28, nthawi ya 10 koloko m'mawa. Ndikudziwa kuti ino ndi nyengo yomweta udzu wa ng'ombe ndipo pakhomo sipafuna kusiyidwa, koma chonde bwerani. Mukakwera sitima ya m'mawa ku Emden Lachitatu, mufika kuno kusanade. Mukaona kuti mwana asafunsidwe, ndi mwana wanu, palibe angakukakamizeni, koma mubwerebe mudzamutenge. Akufuna mayi ake, ngakhale sakunena.

Mundiperekere moni kwa alamu anga. Kalatayi muwapatse awerenge okha, ndipo akafuna kundiimbira andiimbire, ndidzamvetsera zonse zimene anganene. Moni kwa Amayi, koma inu ndi amene mukudziwa mmene mungawauzire mtima wawo usanadumphe. Moni kwa azakhali a Talea, ndi kwa mwana wanu Onno, mumuuze kuti mlongo wake Tomke akumusungira theka la chokoleti, ngati lidzafike.

Ndidzakhala ndikukudikirani pasiteshoni. Mukadzatsika n'kusafuna kundipatsa moni, ndidzamvetsa. Ndidzangonyamula chikwama chanu n'kukutsogolerani kumene kuli mwana.

Ndine mlongo wanu,
Enno