Kapu ya Munthu Wamanzere

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife tinafika bwino, kungoti kuno kukuzizira.

Achimwene anu andidabwitsa. Munthu woti kunyumba sadziwa n'komwe pokhala mbale, kuno tsiku lililonse akundikokera m'nyumba zoonetsera ziwiya zadothi. Miphika yake ndi yokongola, koma saphikira, amangoiika pashelefu.

Dzulo tinakaona mayi wina woumba, ati anangomupeza pa intaneti. Khomo lake ndi lalifupi. Ine ndinagunda mutu, iwo anawerama osayang'ana n'komwe. Galu wa pakhomopo anauwa ine ndekha. Mayiyo anatipatsa tiyi, ine m'kapu wamba, iwo m'kapu yokhala ndi kadzenje koikapo chala cha kumanzere. Mukudziwa kuti achimwene anu ndi amanzere. Chala chinakwana ndendende. Za shuga sanawafunse, anangothira.

Mwina kuzizira kukundiganizitsa zambiri. Mundiperekere moni kwa amayi.

Komano alamu, kapu ija anakupatsani atachokera kuno kumaphunziro chaka chija, taitembenuzani mundiuze chidindo chili pansi pake. Ziwiya za mayiyu zonse zili ndi kambalame.

Ndine mlamu wanu, amene tulo sakutiona bwino.