Pepala la M'felemu

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino, pamodzi ndi bambo a kunyumba ndi adzukulu anga awiriwo. Chifuwa cha wamng'onoyo chinatha? Kuno tikudzuka. Amayi ako bondo lija likuwavutabe, koma pakamwa pokha mpabwinobwino, sipanadwalepo.

Usadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pa foni umandidziwa, ndimayamba ndi nthabwala, ndimatsiriza ndi kukangana nawe za mpira, chimene ndaimbira n'kutsala. Ndiye ndapatsira amalume ako, poti lole yawo idzera kwanuko mawa.

Mwina wamva kale pa wailesi kuti timu yathu aichotsa mu ligi yaikulu. Ligi aikonzanso, matimu awachepetsa, ndipo anati timu yopanda laisensi ikasewere kunsi ngakhale ikhale yothyakula bwanji. Ife tinamaliza pa nambala sikisi. Choncho usaganize kuti anyamata anagona m'bwalo. Mpira anasewera.

Zofunika kuti timu ipeze laisensiyo anatitumizira masamba anayi, ndipo tinagwira ntchito, mwana wanga. Wowotcherera zitsulo uja anatchinga bwalo lonse ndi waya, mageti awiri n'kuika. Amayi ogulitsa pakhomo aja anapenta zipinda zosinthira zovala, mpaka penti ina inapita ku nsapato zanga. Goloboyi wathu anakumba dzenje la zimbudzi zatsopano, ndipo ndinamuuza kuti aka n'koyamba kuona manja akewo akugwira chinthu osachitaya.

Titayeza bwalo ndi tepi tinapeza kuti n'lalifupi ndi mamita awiri. Pajatu tinaliyeza ndi mapazi a wapampando wakale, munthu wamfupi ngati ameneyo. Tinazula magolo n'kuwasuntha. Udzu wobzala pamalo owonjezerawo tinkathirira ndi ndowa m'mawa uliwonse mpaka unagwira.

Pa tsamba lachitatu panali mzere umodzi wonena kuti mphunzitsi wamkulu wa timu akhale ndi chiphaso cha uphunzitsi. Pamenepa palibe anada nkhawa. Aliyense amalidziwa pepala langa la m'felemu limene lili pakhoma m'chipinda chosinthira, pamwamba pa benchi. Mlembi wathu, telala uja, analijambula ndi foni n'kutumiza. Felemuyo ndinamugwirira ndine, kuti galasi lisanyezimire.

Tsiku loyendera anabwera anthu atatu a bungwe la mpira. Anayeza bwalo, anatsegula mipopi, anawerenga mabandeji m'bokosi la mankhwala. Wapampando ankangowatsata m'mbuyo, kumwetulira mpaka masaya kuwawa. Mmodzi mwa alendowo, mayi wa mandala, anaima nthawi yaitali pa felemu paja. Ena atatuluka anandifunsa motsitsa mawu ngati ndikudziwa kuti pepalalo ndi la chiyani. Ndinati ndikudziwa. Anangogwedeza mutu, n'kulemba m'buku lake.

Tsopano ndikuuze zimene ngakhale amayi ako angozimva dzulo.

Ukukumbuka zaka zisanu zapitazo, timu itanditumiza ku kosi? Kosiyo inali ya zigawo ziwiri. Chigawo choyamba ndinamaliza, ndipo anatipatsa pepala longosonyeza kuti tinalipo. Mayeso ndi chiphaso zinali za chigawo chachiwiri. Nditapita kumeneko ndinapeza wotiphunzitsa ndi Chidendene, uja ankasewera nambala teni kwathu kuno, amene ndinamuika pa benchi theka la chaka chifukwa chokonda kupatsira ndi chidendene. Ndinamupeza atavala tiraki suti yatsopano, kompyuta ili m'manja.

Tsiku lachiwiri ankaphunzitsa za madzi. Anati kale kunali makochi ena ankamana osewera madzi pokonzekera, ati kuti alimbe mtima, ndipo iyeyo anakomokapo kawiri chifukwa cha zimenezo. Dzina sanatchule, koma kalasi yonse inatembenukira kwa ine, ena n'kumaseka. Pa nthawi yopuma ndinanyamula chikwama changa n'kutuluka pageti. Masiku otsalawo ndinakhala kwa mnzanga wina, tikumaonera mpira wa m'makwalala. Pobwera kuno ndinagula felemu, n'kuikamo pepala la chigawo choyamba lija.

Ndinkadziuza kuti pepala siligoletsa chigoli. Zaka makumi awiri ndaphunzitsa mpira ndi zitsekerero za mabotolo pasimenti, ofiira ife, obiriwira adani, ndipo anyamata amamva. Ndinkati ndidzabwerera chaka chamawa, chaka chamawacho n'kumasuntha. Anthu akamanena kuti kochi wathu ndi wa mapepala, ndinkangokhosomola.

Kalata ya bungwe inabwera Lolemba. Zonse zimene tinavutikira zija anachonga kuti zili bwino. Chifukwa chotichotsera n'chimodzi chokha, timu ilibe mphunzitsi wa chiphaso.

Kuno anthu akwiya. Wapampando akuti ndi kukondera, akuti pali matimu ena amene amafunidwa. Telala akudziimba mlandu, akuti mwina chithunzi chinatuluka chosaoneka, ndipo wabwera kawiri kudzapempha felemu kuti akajambulitse pa makina enieni. Ochemerera akufuna kupita ku ofesi ya bungwe ndi zikwangwani zonena kuti kochi wathu asanyozedwe. Wowotcherera uja dzana anandigwira phewa, akuti ndisadandaule, iwo ali pambuyo panga. Mwana wanga, chibadwire sindinachitepo manyazi otere. Ndikanakonda akanandigenda.

Anyamata nawonso ayamba kuyang'ana kunja. Kaputeni anandiuza mwaulemu kuti matimu awiri amuimbira kale, ndipo adikira mpaka kutha kwa mwezi basi. Sindingamuletse. Msinkhu wake wosewera mpira watsala pang'ono, sangautayire kunsi chifukwa cha ine. Akachoka iyeyo, enawo atsatira.

Khomo lotseguka latsala limodzi. Atipatsa masiku khumi ndi anayi ochita apilo, ndipo anayi apita kale. Tikapeza mphunzitsi wa chiphaso, wosaina kuti akhala pa benchi chaka chonse, osati wongobwereketsa dzina, atibwezera malo athu. Koma matimu onse anali pa mpikisano womwewo, ndipo a ziphaso kuno anatha kalekale. Ndaimbira atatu mobisa, onse ali ndi pokhala.

Lachitatu ndinameza malovu n'kuimbira Chidendene. Ndinayembekeza kuti andiseka, koma anandipatsa moni ngati mwana kwa kholo lake. Anati tsiku lija anandifunafuna mpaka pageti kuti apepese. Anati kosi ina ikubwera ligi itayamba kale, choncho za ine tiiwale kaye. Kenako anandifunsa chimene ndikuvutikira kufunafuna kutali, pomwe mwa onse amene iye waphunzitsa, amene anakhoza kuposa anzake ndi wa m'nyumba mwanga.

Ndinadziwa zimenezo asananene. Ndinkangozemba.

Sindinaiwale tsiku limene unabwera ku bwalo ndi chiphaso chako, n'kupempha kuti uzindithandiza. Ndinakuyankha pamaso pa anyamata kuti amuna sangathamangire wenzulo ya mkazi. Iwo anaseka, iwe unapinda pepala lako n'kuliika m'chikwama. Anthu amati ndinatero chifukwa ndine wachikale, ndipo ndinalola kuti aziganiza choncho. Zoona zake n'zakuti ndinaona pepala lakolo, chidindo ndi nambala zili poyera, ndipo ndinaopa kuti ukalipachika pafupi ndi langa aliyense aona kusiyana. Ndinakuthamangitsa kuti ndibise bodza langa. Ndinakulakwira, mwana wanga, ndipo ndikupepesa.

Amayi ako nditawafotokozera sanakalipe, chinthu chimene chinandiopsa kwambiri. Anangoti zaka zonsezi akhala akupukuta fumbi pa bodza, n'kundipatsa cholembera.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chachikulu. Uli ndi atsikana ako a kusukulu amene wawaumba wekha, uli ndi banja, ndipo bambo a kunyumba ali ndi ntchito yawo. Khalani pansi mukambirane. Ukakana, sindidzakusungira chakukhosi, ndipo munthu asadzanene kuti timu inagwa chifukwa cha iwe. Loweruka kuli msonkhano wa komiti ndi ochemerera, ndipo ndikaimirira n'kunena zonsezi ndekha, yankho lako lisanafike. Sindikufuna kuti ukabwera upeze anthu akuganiza kuti walanda malo a bambo ako.

Anyamata ndawafunsa m'mbali ngati angamvere mkazi. Goloboyi anati iye angamvere aliyense amene sangamukumbitsenso dzenje. Kaputeni sanaseke. Anati akukumbuka kuti unamukonzera kaimidwe kake pa kona tsiku lina ndili kumbali, ndipo mpaka lero amaima momwemo.

M'envelopu muno mulinso fomu ya apilo. Mzere woyamba, wa mphunzitsi wamkulu, ndausiya. Ukasaina, uwapatsire amalume ako pobwerera Lachiwiri. Pansi pake pali mizere ya othandizira, ndipo ndalembapo amene ukawapeze kuno. Ukaona kuti wina akusowa, usaganize kuti ndaiwala. Amene akhale nawe pa benchi usankha wekha, ndipo ukapanda kundilemba, ndizikaonera kuseri kwa waya pamodzi ndi anthu.

Undiperekere moni kwa bambo a kunyumba, ndi kwa apongozi ako ukawaona. Adzukulu angawo uwauze kuti agogo akuwasowa. Amayi ako akupereka moni, akuti usandimvere chisoni msanga. Mulungu akusungeni nonse.

Ndine bambo ako.