Ndinawongola Zikhomo za Ngalande

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo, kungoti fumbi ndiye latikwana. Chitsime chinaphwa mwezi watha.

Mwina munamva kuti akufuna kukumba ngalande yaikulu yotenga madzi kumtsinje wa kuseri kwa phiri kudzafika nawo kuno, kuti tizilima mothirira. Pamsonkhano anationetsa mapu. Ine ndinangoona mizere yokhayokha, koma ndinavomera nawo ngati anzanga.

Kenako kunabwera oyeza malo n'kukhoma zikhomo m'munda mwathu, khumi ndi zinayi, ndinaziwerenga. Achimwene, zinali zokhotakhota ngati mapazi a munthu woledzera. Ndinaganiza kuti wina wazisokoneza, ndipo ndinaopa kuti mlandu ugwera ife eni munda. Mukundidziwa ine, ngakhale pobzala ndimakoka chingwe. Ndinatenga chingwe chomwecho n'kuziwongola zonse.

Lachitatu kunafika gulu lina, lolemba nyumba zoti zigwetsedwe. Iwowa anangotsata zikhomo. Mzere wanga unakawasiya pakhonde la nyumba yanu ya kuno kumudzi, ndipo apaka mtanda wofiira pachitseko.

Ndinafunsa mayi wina wa m'gulumo chifukwa chake ngalande imakhota. Anaseka n'kunena kuti madzi si msilikali woti aziyenda mowongoka, amatsata kutsetsereka kwa nthaka. Ndinafuna kuulula pomwepo, koma ndinangopezeka ndikuwapatsa mpando.

Ndayesa kufufuza mayenje akale a zikhomo zija, koma ng'ombe zinapondaponda. Ndapeza asanu okha, ndipo awiri ndikuwakayikira. Mayi a kunyumba akuti ndikhale chete, oyeza malo ali ndi zipangizo, adzazindikira okha. Amalume akuti ndikangoyasamula andimanga chifukwa chogwira zinthu za boma. Nanga akapanda kuzindikira, nyumba n'kugwa? Nanga madziwo akadzakana kuyenda, anthu onsewa adzandiona bwanji? Mutu wanga waima.

Makina okumba akuti afika pa 20. Chonde bwerani asanafike, tipitire limodzi ku ofesi ya oyeza malo. Wolankhula ndikakhala ine, inu mukangoima pambali panga. Ndekha ndafika pachipata kawiri n'kubwerera.

Mulungu akusungeni ndi kukuyendetsani bwino. Mundiperekere moni kwa ana ndi kwa alamu, koma za chitsekozi ndidzawauza ndi pakamwa panga.

Ndine mng'ono wanu.