Jezi Yanu M'munda wa Mtedza

Alongo anga okondedwa,

Landirani moni, inu pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Kitwe. Kodi bondo lija likuwawabe? Kuno ku Zingalume tadzuka bwino, ndipo amayi chifuwa chawaleka.

Alongo, ndakulakwirani. Akhwangwala anatisautsa m'munda wa mtedza, ndiye ndinatenga jezi yanu yofiira ija, ya timu yanu ya mu ligi, n'kuiveka pamtengo kuti iziwaopseza. Ndinkati poti mpira munasiya, ingodyedwa ndi njenjete m'sutikesi.

Loweruka kunadutsa a Tembo, akochi anu akale aja amene ankakukwezani panjinga kukasewera kuboma. Ataiona anatsika njinga, anavula chipewa, n'kubwera kunyumba.

"Mayi, mwana wanga mwamuika liti osandiuza? Ndi zovala zomwe mwagawana kale?"

Ndinagwada n'kuwauza kuti muli moyo. Anakhala pakhonde. Kenako anati, "Tsiku limene anaivala koyamba, ine ndinalira ndikumvera mpirawo pawailesi. Lero mwaipatsa akhwangwala?"

Ndinathamangira kumunda n'kukaichotsa pamtengopo.

Ndaichapa, koma dzuwa laidya, nambala yakumbuyo yasuluka. Ndawapatsa akochiwo osayamba ndakufunsani, ndiye ndalakwanso kachiwiri. Mundikhululukire.

Chonde aimbireni foni sabata ino, musazengereze. Akuti za ine sakhulupiriranso, adzavala chipewa chawo akamva mawu anu.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mlongo wanu,
Esinati