Goloboyi Wathu

Lolemba, 7 Okutobala
Mzime wathu wanyamuka m'mawa ndi timu ya dziko. Mpikisano wa amayi, mayiko asanu ndi atatu, masabata awiri. Chikwama chimodzi. Magolovesi abwino m'chikwama, akale ong'ambika chala wawasiya pampando. Bambo ake sanamuperekeze. Makina osokera kumangolira pakhonde ngati mawa kuli ukwati.

Lachitatu, 9 Okutobala
Ndawamva akuuza kasitomala: "Amasewera mpira wamanja." Bodza la atelala, msoko wake wosaoneka. Poti mwanayo amaima pagolo, amagwiradi ndi manja. Ndawafotokozera pang'onopang'ono, monga ndichitira ndi ana m'kalasi, kuti woima pagolo ndi wa mpira wamiyendo ndithu. Iwo: "Nanga amamutchula chiyani? Goloboyi. Ine ndinabereka boyi?" Ndaseka. Kenako ayi.

Loweruka, 12 Okutobala
Tapambana, chimodzi kwa duu. Iye pabenchi mpaka mapeto. Waimba foni. Chakudya chabwino, nsapato zikumuluma. Pomaliza, chapansipansi: "Adadi anenapo chiyani?" Ndati ali ndi ntchito yambiri. Chaka chathunthu osamulankhula za mpira. Akungofuna liwu limodzi lokha.

Lachiwiri, 15 Okutobala
Mvula. Mayeso a ana, mulu wonse wosachonga. Goloboyi wamkulu wavulala phewa. Ndime yotsatira alowa wathu. Ndanena pothira tiyi, ngati nkhani ya nyengo. Iwo shuga athira kawiri.

Lachisanu, 18 Okutobala
Ndaonera pa TV ya aneba. Mapenate. Wagwira awiri, wachiwiri ndi nsonga za zala. Tapambana, talowa mufainolo. Pobwerera, makina chete, wayilesi yaing'ono yabisidwa pansi pa nsalu, ikadali yofunda. Akuti amamvera za mitengo ya feteleza.

Loweruka, 19 Okutobala
Kasitomala uja wabwera kudzatenga buluku lake. "Atelala, dzulo ndaona mtsikana pagolo, mphuno ngati yanu. Koma wanu paja ndi wamanja?" Ine kukhitchini, mpeni m'mwamba, ndikumvetsera. Iwo, singano pakamwa: "Wamiyendo, achimwene. Goloboyi wa dziko lonse. Muziona bwino."

Fainolo mawa. Magolovesi akale aja ndawapeza pa makina, chala chosokedwa kawiri, ulusi wolimba. Magolovesiwo sakafika kumeneko, iwo akudziwa. Tsopano aima pakhomo, akuti kodi nambala ya foni ya mwanayu imayamba ndi chiyani.