Ndege ya malemu yayamba kutsokomola

Aphungu,

Tsamba lanuli ndalidziwa kwa zaka zambiri. Si kuti ndimakonda za injini ayi, koma malemu amuna anga, a Wynand, ankaliwerenga mokweza patebulo, uku akutsutsana nanu ngati muli pomwepo. Lero ndabwera ndine, ndipo chonde musandiseke.

A Wynand anapanga okha ndege ya mipando iwiri m'shedi ya pafamu pathu pano. Inawatengera zaka khumi ndi zinayi. Mapiko ake anagona m'chipinda cha alendo zaka zitatu, alendo enieniwo akugona pabalaza. Ine ndinasoka nsalu za mipando, ndinawalitsa tochi, ndinaponda mabuleki iwo akuyesa injini, zonsezi ndikung'ung'udza. Ndinkawauza kuti, "Mwatenga mitala inu, ndipo wamng'onoyu amadya kuposa ine." Iwo ankangoti, "Eya, koma sayankha."

Anaiulutsa zaka zisanu ndi chimodzi. Loweruka lililonse m'mawa ankazungulira minda ya mpendadzuwa, ndipo pobwerera ankadutsa pamwamba pa denga la khitchini n'kuchepetsa moto wa injini kawiri. Kumeneko kunali kundiuza kuti ndiike ketulo. Pomwe ankalowa m'nyumba, khofi amakhala ali patebulo ndi masikono ouma aja ankakonda kuviika.

Anamwalira mu Meyi chaka chatha. Mtima unangoima ali kukhola la nkhosa, osati m'mwamba momwe ndinkaopa masiku onse aja.

Chiyambire pamenepo, Lamlungu lililonse ndikachoka kutchalitchi ndimakokera ndegeyo panja, kutchinga matayala ndi mitengo, n'kukhala pampando wawo. Ndimayatsa injini n'kuisiya pamoto wotsikitsitsa, poopa kuti ingandithawitse. Ndimakhala momwemo theka la ola, maso ali chitsekere. Chipewa chawo chikadali kuseri kwa mpando, ndipo fungo la mafuta a ndege abuluu aja ndi lomwe linkamveka m'malaya awo. Ndimawasowa, Aphungu. M'nyumba muno muli zii sabata yonse, ndipo theka la ola limeneli ndi lokhalo limene ndimamva ngati angopita kuseri.

Mwezi watha injini inayamba kutsokomola ndi kunjenjemera. Lamlungu lapitali inangolira pang'ono n'kuzima, ndipo ndinalira ngati maliro ayambiranso. Ndinaitana a Stoffel, mnzawo wa malemu amene ankawathandiza pantchitoyi. Anamasula mapulagi onse asanu ndi atatu n'kuwandandalika pansalu. Anayi apansi anali odzaza ndi timibulu totuwa, tolimba ngati mchenga. Anandiyang'ana n'kuti, "Alamu, uwu ndi mtovu wa m'mafuta. Injiniyi mukuinyengerera ngati wodwala pamene iyo ikufuna ntchito. Ndege si wailesi yoti muzingomvera."

Mwana wathu ndi mmodzi, Elsabé, ndipo amakhala ku Bethlehem, tauni ya m'chigawo chathu chomwechi, osati ya m'Baibulo ija. Ali ndi chiphaso choulutsira ndege, chifukwa bambo akewo anamupatsira matenda okonda ndegewa ali wamng'ono. Akufuna aitenge kuti aziulutsa kumeneko. Nditakana anandiuza kuti, "Amayi, adadi sanakhome misomali zaka khumi ndi zinayi kuti inu muziotha phokoso." Zinandiwawa, ndipo kwa masabata awiri sitinaimbirane foni. Akaitenga m'shedi mudzatsala mbewa zokha. Komanso ndimaopa. Ndi mwana yekhayo, ndiye akwere chinthu chomwe mapiko ake ndinkawapukuta fumbi m'chipinda cha alendo?

Ndiuzeni, kodi palibe mankhwala othira m'mafuta, kapena mapulagi ena, oti ndizipitiriza Lamlungu langa? Sindikupempha zambiri.

H.D., Vrede

Mayi H.D.,

Sindikuseka. Ndakhala m'mashedi a ndege zaka makumi anayi, ndipo si inu oyamba kukhala pampando wa malemu. Koma a Stoffel anena zoona, ngakhale pakamwa pawo pakusowa shuga.

Mafuta abuluuwo ali ndi mtovu, ndipo mtovuwo umatuluka bwino ndi utsi pokhapokha injini ikatentha mokwanira. Inu mumaisiya pamoto wotsikitsitsa, ndipo ndikhulupirira kachitsulo kofiira kochepetsera mafuta mumakasiya kokankhira mkati, monga munkaonera malemu akuiyatsa. Kwanuko ndi kumtunda, mpweya ndi wopepuka, choncho injini ikumwa mafuta oposa amene ingawotche. Mtovu ukusowa kolowera, ndiye ukukhazikika pa mapulagi apansi mpaka moto kulephera kudumpha. Kutsokomola mukumvako n'kumeneko.

Zimenezi n'zokonzeka. A Stoffel achotse timibuluto ndi kachitsulo kosongoka, ayeze mpata wa pulagi iliyonse, ndipo apansi awasinthanitse ndi apamwamba. Pulagi ikagwa pasimenti itayidwe, ngakhale ikuoneka yabwino. Mtovu ndi poizoni, ndiye asauzire ndi pakamwa, ndipo asambe m'manja asanagwire masikono anuwo.

Mankhwala othira m'mafuta alipo, ndipo mapulagi osagwira mtovu msanga alipo. Aliponso machenjerero ena, monga kukweza moto pang'ono ndi kuchepetsa mafuta injini ikamalira pansi. Ndikanakhala wamalonda ndikanakugulitsani zonsezi n'kukusiyani. Koma mapulagi angokhala amithenga. Injini yolira pansi pokha satenthetsa oilo mokwanira, choncho chinyontho chimatsalira mkati, ndipo Lamlungu lililonse mukuwonjezera china. Dzimbiri likadya zamkatimo, simudzasinthanso pulagi, mudzafunika injini ina, ndipo mawu amene mukuwasungawo adzapita nayo yakaleyo. Injini imeneyi mungaisunge m'njira ziwiri basi. Mwina muithire oilo wosungira, muitseke, ikhale chete mpaka kalekale, apo ayi iziuluka ola limodzi kawiri kapena katatu pamwezi.

Ndiye imbirani Elsabé, ndipo muyambe ndinu. Mawu ake anali okhadzula, koma nayenso bambo ake anamwalira, ndipo mwina mpando umenewo akuulakalaka ngati inu. Musamuuze kuti aitenge. Muuzeni kuti ndege ikhala m'shedi momwe inabadwira, ndipo iye azibwera kudzaulutsira pafamu pomwepo. Ku Bethlehem si kutsidya kwa nyanja. Mukatero shedi sikhala ya mbewa, komanso mwana muzimuona pafupipafupi.

Za mantha anu, sindingakulonjezeni kuti kumwamba kulibe ngozi. Chimene mungachite n'kuika malamulo ngati mwini ndege. Isanyamuke mpaka munthu wovomerezeka ataiyendera yonse, kuyang'ana dzimbiri mkati mwa injini, kutaya mafuta ndi oilo akalewo, ndi kukonzanso zikalata zake. Elsabé ayambe wauluka ndi mlangizi wodziwa ndege za mtundu umenewo, ngakhale anyinyirike. Ndipo poyesa injini asananyamuke, ikangotsokomola kamodzi, aibweze m'shedi. Ndege imene inatumikira mwini wake zaka zisanu ndi chimodzi inapangidwa ndi munthu wosamala, ndipo mabuleki ake munaponda ndinu.

Pakadali pano musaiyatsenso muli nokha. Pulopela, chozungulira cha kutsogolo chija, sadziwa mwini wake, ndipo pafamu mukavulala palibe angakumveni. Khalani pampandopo mmene mungafunire, nunkhizani chipewacho, koma kiyi musamugwire.

Mwaiwala chinthu chimodzi m'kalata yanu yomwe. Phokoso limene munkakonda silinali la m'shedi ayi. La m'shedilo munkang'ung'udza nalo. Limene munkalidikira Loweruka linali la pamwamba pa denga la khitchini. Muuzeni Elsabé za kuchepetsa moto kawiri kuja, ngati sakudziwa kale.

Ndikuchenjezeni izi zokha. Tsiku loyamba lidzawawa kuposa Lamlungu lililonse lomwe mwakhala pampando uja, chifukwa mudzaimva ikudutsa, mtima udzadumpha, koma wolowa pakhomo adzakhala Elsabé. Lirani ngati misozi yabwera. Mukatha, ikani ketulo pamoto, ndipo makapu akhale awiri monga kale.

Aphungu