Zimene Chikasu Ankadya

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kodi wamng'ono uja chifuwa chinamusiya? Kuno tikudzuka ndithu. Bambo a ana msana ndi umene suwapatsa mtendere, ndipo ine ndikadali ku kantini ya fakitale kuja, kutakasa mapoto a anthu mazana awiri.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni nkhaniyi ndikanaidula pakati. Ndi ya galu wanu Chikasu, koma muwerenge mpaka kumapeto musanandiyankhe.

Mukudziwa mmene munamusiyira, wofatsa ngati nkhosa. Ankagona pansi pa makina osokera a abambo athu pakhonde, makasitomala n'kumamulumpha ngati chopondera pakhomo. Chimwalirireni amayi, miyezi isanu ndi iwiri tsopano, anayamba kusintha. Poyamba ndinkati ndi chisoni, poti agalu nawonso amalira maliro. Koma zinanka patsogolo. Ankangozungulira pakhonde osakhazikika, miyendo ikunjenjemera, kuuwa ngakhale pepala likauluka. Ubweya wonyezimira uja unayamba kuthothoka, n'kumadzikanda mpaka zilonda. Kenaka anayamba kugwetsa mabini a anthu mumsewu.

Mwezi watha analuma munthu. Anali mayi wa pasaluni uja, atabwera kudzatenga diresi lake, m'manja muli kajumbo ka mabanzi. Chikasu analumphira jumbo, mano n'kupeza dzanja. Bala silinali lalikulu, koma mayiyo analalata mpaka msewu wonse unamva. Ati galu wachiwewe, ati abambo asankhe pakati pa galu ndi makasitomala. Anthu anayambadi kulambalala khonde lathu.

Apa ndiye pali kulapa kwanga. Ndinapsa mtima, achimwene. Ndinawauza abambo kuti galuyo ndikukamubayitsa jakisoni woti agone osadzukanso, ndipo inu ndidzakunamizani kuti anagundidwa ndi galimoto. Abambo anangopitiriza kulowetsa ulusi pasingano, ulusiwo ukukana. Ine ndinamumanga galu chingwe n'kumapita naye kwa dokotala.

Dokotala wa ziweto ndi mayi wachikulire, wosapupuluma. Anamutsegula kukamwa, kumusisita nthiti, kuona khadi la katemera, n'kunena kuti chiwewe palibe. Kenaka anandifunsa kuti galuyu amadya chiyani. Sindinkadziwa. Anati ndibwerere naye kunyumba ndikafufuze, za jakisoni tidzakambirana ndikabwera ndi yankho. Ati galu wanjala ali ngati munthu wanjala, alibe makutu.

Nditafika ndinalowa kukhitchini. Ndikuvomera kuti chichitikireni maliro ndinali ndisanapondemo. Loweruka lililonse ndinkangofikira pakhonde, kucheza pang'ono, kuwafunsa ngati adya, iwo n'kuti adya kalekale. Mapoto a amayi anali mmene anawasiyira, ovundikira, fumbi lili mbuu. M'kapoto kakuda kamene ankaphikiramo za galu munali kangaude. Mpunga umene ndinkabweretsa unali m'kabati wosatsegula, wina anankafumbwe atamanga mudzi. Imene inkagwira ntchito inali ketulo yokha basi, ndipo mapepala a buledi anali atadzaza bini.

Nditawafunsa, abambo anati galu amadya zimene iwo amadya, samumana ayi. M'mawa tiyi wa shuga wambiri ndi buledi, madzulo chimodzimodzi. Amagawa pakati, wina m'kapu mwawo, wina m'mbale ya Chikasu. Miyezi isanu ndi iwiri, achimwene!

Ndinawayang'anitsitsa, n'kufunsa kuti nanga bwanji zovala zikuwakwana bwinobwino. Anaseka pang'ono, ati kodi waiwala ntchito yanga? Nditatembenuza buluku limene linali pampando, ndinapeza kuti analibweza m'chiuno katatu, msoko pambali pa msoko, mwaluso loti sungaone. Malaya ndi jekete chimodzimodzi. Anati akagwira poto amamva ngati amayi abwera kumbuyo kudzawalanda supuni monga ankachitira, ndiye akacheuka n'kupeza palibe munthu, njala imathera pomwepo.

Ine wodyetsa anthu osawadziwa n'komwe, bambo wanga akutha ngati sopo ndikuwaona. Ndinakhala pansi m'khitchinimo n'kulira, mpaka iwo ndi amene anayamba kunditonthoza.

M'mawa mwake ndinabwerera kwa dokotala. Anati tiyi ndi amene ankamunjenjemeretsa galu ndi kumusowetsa mtendere, ndipo buledi yekha amangodzaza mimba thupi likulira. Anandilembera zoti tiziphika: mpunga, nyama kapena kachiwindi pang'ono, dzira, maungu ndi karoti, popanda anyezi, popanda mchere, kawiri patsiku pa nthawi yomweyomweyo. Ati tiyambe pang'onopang'ono kuti asatsegule m'mimba. Nditamufotokozera za buluku lija anati chakudya cha galuyu aziphika mwini nyumba, osati ine.

Pamenepo ndinawonjezera kabodza kanga. Ndinawauza abambo kuti dokotala wati galu wozolowera kugawana ndi mbuye wake sangadye yekha, ndiye azipakula mbale ziwiri. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kufunsa ngati dokotalayo amachiza agalu kapena matelala. Koma kapoto kaja anakatsuka okha.

Masiku oyamba zinavuta. Mpunga unapserera kawiri, ndipo Chikasu ankalirira tiyi wake ngati chidakwa chimene achitsekera malo omwera mowa. Sabata yachiwiri kunjenjemera kunatha. Yachitatu anasiya mabini a eni. Panopa ubweya ukumera pamene panali zilonda, ndipo tulo take mpaka amaliza mkonono.

Mayi wa pasaluni tinakamupepesa, bala linapola. Dzulo anabwera ndi makatani oti awapinde, n'kuima patali. Chikasu anangodzutsa mutu, kugwedeza mchira kawiri, n'kugonanso. Mayiyo anamuloza chala, ati wamukhululukira koma asazolowerane.

Abambo amaphika poto mmodzi, kupakulira galu kaye, kenaka n'kuthira mchere pa zotsalazo. Wogulitsa nyama amawasungira chiwindi Lachiwiri ndi Lachisanu, ndiye amayenda ndi galu mpaka kumeneko, n'kumacheza ndi anthu m'njira. Sindikunena kuti achira. Masiku ena mbale yawo imabwerera yosakhudzidwa, ndipo sabata yamawa ndipita nawo kuchipatala akawayeze magazi, afune asafune. Ine tsopano ndimadya nawo Lachitatu ndi Loweruka, ndipo sindichoka mpaka nditaona pansi pa mbale.

Abambo anandiletsa kukuuzani, ati muli ndi mavuto anu kumeneko. Lamulo lawo ndaswa. Pempho langa ndi ili: mukawaimbira musafunse kuti ali bwanji, chifukwa adzati ali bwino ngakhale miyendo itakana. Afunseni zimene Chikasu wadya tsikulo. Za galu sanama. Ndipo mukapeza tchuthi bwerani, ngakhale masiku atatu okha, mudzakhale nawo patebulo. Za jakisoni zija mundikhululukire. Ngati mukufuna kundikalipira, mudzandikalipire pamaso, ndidzamvera.

Mulungu akusungeni ndi kudalitsa ntchito ya manja anu. Mundiperekere moni kwa alamu, ndipo ana muwauze kuti azakhali awo sanawaiwale. Abambo nawonso akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa m'nyumba mwathu